Mbiri ya Dr. James Kwegyir Aggrey, Mphunzitsi Amene Anakaphunzira Kwa Eni

Mau oyamba

Pa maphunziro anu a kaphunzitsidwe ka Cinyanja mudzakumana ndi mtundu wa nkhani wochedwa mbiri ya munthu. Ana a m'magiredi apamwamba a pulaimale amaikonda nkhani yotere, pakuti imasimba za munthu weni-weni amene anabadwa, anakula, anabvutika ndi kumwalira monga momwe anthu onse acitira. Pano takusankhirani mbiri ya James Kwegyir Aggrey wa ku Ghana pa zifukwa ziwiri. Coyamba, iye anali mphunzitsi monga momwe inu mudzakhalira. Caciwiri, anakhala zaka zoposa 20 pakati pa anthu a miyambo yosiyana ndi ya kwao, ndipo anadziwa kupalana nao ubwenzi popanda kutaya ulemu wake. Ambiri a inu mukatsiriza maphunziro mudzatumizidwa kutali ndi kwanu. Wa ku Katete angapezeke ku Mongu, wa ku Petauke angapezeke ku Mwinilunga. Motero werengani mbiri iyi kawiri: poyamba monga munthu amene adzakhala mlendo, kenaka monga mphunzitsi amene adzaisimbira ana.

Kubadwa ndi ubwana wake

Aggrey anabadwa pa 18 Okutobala 1875 ku Anomabu, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya mcere m'dziko la Gold Coast, limene linachedwa Ghana pamene linalandira ufulu m'caka ca 1957. Anali wa mtundu wa Afante. Mwa mwambo wa mtunduwu mwana amalandira dzina lolingana ndi tsiku limene wabadwa, ndipo popeza iye anabadwa Lolemba, anachedwa Kodwo. Dzina lakuti James analandira pa ubatizo m'caka ca 1883.

Atate ake, a Kodwo Kwegyir, anali ndi udindo wolankhulira mfumu ya Anomabu. Kwa Afante munthu salankhula ndi mfumu mwacindunji pa bwalo. Mau ake amadzera mwa nduna imeneyi, imene iwakonza, kuwacotsa minga ndi kuwakometsera ndi miyambi, ndipo yankho la mfumu limabwereranso njira yomweyo. Munthu wa udindo wotere ayenera kumvetsetsa mbali zonse ziwiri za mlandu ndi kusunga mtima wake ngakhale ena akupsa mtima. Kumbukirani mfundo imeneyi, cifukwa nchito imene mwanayu anadzagwira atakula inali yofanana kwambiri ndi ya atate ake. Dziwaninso kuti Afante amatsata mtundu wa kucikazi monga momwe acitira Acewa ndi Ansenga: mwana ndi wa mbumba ya amai ake, ndipo malume ali ndi mau amphamvu pa iye.

Mnyamatayu analowa sukulu ya mishoni ya Wesleyan Methodist ku Cape Coast. Mbusa wina wa ku Britain, Dennis Kemp, anamtenga kukakhala m'nyumba mwake pamodzi ndi anyamata ena, ndipo kumeneko anazolowera kuwerenga mabuku ndi kugwira nchito za manja. Ali ndi zaka pafupi-fupi 15 anatumizidwa ku mudzi wa Abura Dunkwa kukaphunzitsa yekha sukulu yonse. Anakwera msanga pa nchito, kotero kuti pofika caka ca 1898 anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Wesleyan ku Cape Coast. M'caka ca 1896 anagwirako nchito yomasulira mau pa ulendo wa asilikari a Britain wopita ku dziko la Asante, ndipo m'caka ca 1897 anathandiza bungwe la Aborigines' Rights Protection Society polimbana ndi lamulo limene likanalanda eni dziko mphamvu pa nthaka yao.

Cape Coast wa masiku amenewo anali ndi anthu akuda amene anali abusa, amalonda, olemba nyuzipepala ndi maloya, monga John Mensah Sarbah. Aggrey anakula akuona munthu wakuda akuima pamaso pa bwanamkubwa ndi kutsutsana naye pa za malamulo. Iyi ndiyo nzeru imene ananyamula popita kunja.

Ulendo wa ku America

Bishopu John Bryan Small wa mpingo wa African Methodist Episcopal Zion, munthu wobadwira ku Barbados, anali kufuna acinyamata a ku Gold Coast oti akaphunzire ku America ndi kudzabwerera kukatumikira mpingo kwao. Aggrey anabvomera. Anasiya udindo wake ndi ulemu umene anali nao, nakwera sitima ya pamadzi m'mwezi wa Julayi 1898. Mu Okutobala caka comweco analembetsa pa Livingstone College m'tauni ya Salisbury, m'boma la North Carolina. Pophunzitsa mudzacenjeze ana kuti Salisbury ameneyu si uja wa ku Zimbabwe amene anasinthidwa dzina kukhala Harare m'caka ca 1982. Koleji imeneyi inamangidwa ndi anthu akuda a ku America, ndipo m'caka ca 1887 anaicha dzina la David Livingstone, yemwe uja anamwalira kwa Chitambo m'dziko lathu lino m'caka ca 1873.

Tsono munthu amene anali mphunzitsi wamkulu anakhalanso pa benchi monga mwana wa sukulu. Anaphunzira masamu, sayansi, Cilatini, Cigiriki ndi maphunziro a za Mulungu, ndipo m'caka ca 1902 analandira digiri yake yoyamba pamodzi ndi mamendulo atatu a golide.

Zosiyana zimene anapeza

Kuzizira kwa nyengo ya cisanu, zakudya zacilendo ndi kalankhulidwe kena ka Cingelezi ndi zinthu zimene mlendo amazizolowera pakapita miyezi. Panali zina zozama kuposa izi.

Cacikulu cinali tsankho la khungu. Ukapolo unatha ku America m'caka ca 1865, koma m'maboma a kumwera Azungu anakhazikitsa malamulo olekanitsa anthu. M'caka ca 1896 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula kuti kulekanitsa koteroko n'kololedwa. Munthu wakuda anali ndi ngolo yake-yake m'sitima ya pamtunda, sukulu yake, cipinda cake codikirira ndi manda ake. Patangopita mwezi umodzi Aggrey atafika pa koleji, pa 10 Novembala 1898, gulu la Azungu onyamula mfuti linagwetsa akulu-akulu osankhidwa a mzinda wa Wilmington m'boma lomwelo la North Carolina, linatentha nyumba ya nyuzipepala ya anthu akuda ndi kupha anthu ambiri. M'caka ca 1900 malamulo a bomalo anasinthidwa mwa njira imene inacotsera anthu akuda oculuka mwai woponya voti. Mu Ogasiti 1906 gulu la anthu linathyola ndende ya m'Salisbury momwemo, linaturutsa amuna atatu akuda amene mlandu wao unali usanagamulidwe, ndi kuwapacika pa mtengo. Aggrey anali kukhala m'tauni imeneyo. Kwao anali mwana wa nduna ya mfumu ndiponso mphunzitsi wolemekezeka. Kuno woyendetsa sitima sanali kuona cina mwa iye koma khungu.

Caciwiri cinali cakuti anthu akuda a ku America, ngakhale anali ofanana naye maonekedwe, sanali Afante. Makolo ao anacotsedwa ku Africa mibadwo yambiri m'mbuyomo, ndipo zinenero, maina ndi mafuko ao zinatayika mu ukapolo. Ambiri a iwo anali kudziwa Africa kudzera m'nkhani za amishoni cabe, zosimba za umbuli ndi mdima. Iwo anali kuyesa kuti mlendoyu wabwera kudzatsegulidwa maso, pamene iye anali ndi cifukwa coyesa kuti anthu amene anataya cinenero ca makolo ao ndiwo osowa. Mbali zonse ziwiri zinali ndi cifukwa codzikuzira, ndipo ubwenzi ukanatha kufera pomwepo. Aggrey anasankha kumvetsera. Anaphunzira mbiri ya masautso ao, nyimbo zao za m'chalichi ndi kapembedzedwe kao, ndipo iyenso anali kuwasimbira za mafumu, mabwalo a milandu ndi miyambi ya kwao.

Cacitatu cinali nchito ya manja. Ku Gold Coast, monganso m'maiko ambiri olamulidwa ndi atsamunda, mnyamata wodziwa kulemba anali kulakalaka ukalaliki, ndipo khasu anali kuliona ngati la anthu osaphunzira. Pa Livingstone College mkulu wa koleji, William Harvey Goler, anali mbusa wophunzira amenenso anali mmisiri womanga nyumba za njerwa, ndipo sanali kucita nazo manyazi. Ophunzira ambiri anali kudzilipirira okha ndi thukuta lao. Aggrey nayenso anagwira nchito yosanja zilembo m'nyumba yosindikizira mabuku ya mpingo wake ku Charlotte kuti apeze ndalama.

Cacinai cinali banja. Iye anacokera kumene mwana ali wa mbumba yonse, kumene munthu wophunzira amayembekezeka kusenza abale ake onse. Ku America anapeza banja la mwamuna, mkazi ndi ana ao, ana akutenga dzina ndi cuma ca atate. Anapezanso akazi akuphunzira m'kalasi limodzi ndi amuna mpaka pa koleji, ndipo ambiri a iwo akukhala aphunzitsi. Cimeneci anacikonda, ndipo anacisunga mumtima kufikira nthawi imene anakhala ndi mphamvu yocicita kwao.

Mabwenzi ake

Atatsiriza maphunziro, Aggrey sanabwerere ku Gold Coast monga momwe Bishopu Small anafunira. Anatsala pa koleji monga mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anakhalanso mlembi wosunga maina a ophunzira ndi woyang'anira ndalama. M'caka ca 1903 anadzozedwa ubusa. M'caka ca 1905 anakwatira Rose Douglass wa ku Virginia, mphunzitsi mnzake, ndipo anabereka ana anai. Woyamba anamucha Abna, dzina la Cifante, ndipo waciwiri anamucha Kwegyir, dzina la agogo ake. Mwa njira imeneyi nyumba ya ku Salisbury inasunga cikumbutso ca Anomabu.

Ubwenzi umene unamphunzitsa zambiri unali wa alimi osauka. Kuyambira m'caka ca 1914 anapatsidwa mipingo iwiri ya kumidzi, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge. Akhristu ake ambiri anali osadziwa kuwerenga, olima minda ya eni ndi omangidwa ndi ngongole. Ulaliki wa mau akulu-akulu a pa koleji sunali kuwafika pamtima. Motero anasintha kalankhulidwe, nayamba kuwalankhula ndi mafanizo a nkhuku, mbeu ndi nthaka. Anawalimbikitsa kuweta nkhuku, kulima ndiwo zamasamba, kusonkha ndalama pamodzi m'bungwe lobwereketsana, kugula malo ao-ao ndi kutumiza ana ku sukulu. Alimi aja anamlandira monga mbale wao. Apa mpamene anazindikira kuti sukulu ndi chalichi ziyenera kukhudza cakudya, thanzi ndi nyumba za anthu.

Analinso ndi mabwenzi pakati pa Azungu. Pa nthawi za chuti anali kupita ku New York kukaonjezera maphunziro pa Columbia University, kumene katswiri wa za kakhalidwe ka anthu, Franklin Giddings, anamuona kuti ndi wophunzira wanzeru zakuya. Anadziwananso ndi Thomas Jesse Jones, munthu wobadwira ku Wales amene anali kufufuza za masukulu a anthu akuda. Ubwenzi umenewu ndiwo unadzamtsegulira njira yobwerera ku Africa.

Musaganize kuti ulendo wake unali wosalala. M'caka ca 1917 mpando wa mkulu wa Livingstone College unakhala wopanda munthu. Aggrey anali atatumikira kolejiyo zaka zambiri, koma anasankhidwa wina. Munthu angakhale kwa eni nthawi yaitali, kukwatira komweko ndi kubereka ana, koma tsiku logawana maudindo likafika amakumbutsidwa kuti ndi wobwera. Iye anapitiriza kuphunzitsa pansi pa mkulu watsopanoyo.

Kubwerera ku Africa

M'caka ca 1920 bungwe la Phelps-Stokes Fund la ku New York linatumiza gulu la akatswiri kukaona masukulu a mu Africa. Mtsogoleri anali Jones, ndipo Aggrey ndiye anali munthu yekha wa mu Africa m'gululo. Anayendera Sierra Leone, Liberia, Gold Coast, Nigeria, Cameroon, Belgian Congo, Angola ndi South Africa. Umu ndimo anapondanso nthaka ya kwao patapita zaka 22.

Pa maulendo amenewa anakumana ndi tsankho lomwe lija, tsopano pa nthaka ya Africa. M'sitima, m'mahotela ndi pa magome odyera anali kupatulidwa kwa anzake. Anthu amene anayenda naye anacitira umboni kuti kawiri-kawiri anali kuyankha cipongwe ndi nthabwala, ndipo wonyozayo ndiye anali kutsala ndi manyazi. Pa misonkhano anali kugwiritsa nchito fanizo la limba lochedwa piyano, limene lili ndi makiyi oyera ndi akuda: woimba angathe kuturutsa kanyimbo ndi oyera okha kapena akuda okha, koma nyimbo yokoma imafuna onse pamodzi. Kwa anthu akuda anali kusimba nthano ya mwana wa ciombankhanga amene analeredwa pakati pa nkhuku mpaka kuiwala kuuluka, kufikira tsiku limene munthu wina anamtengera pa phiri ndi kumuonetsa dzuwa likuturuka. Tanthauzo linali lakuti asabvomere kuyesedwa ocepa.

Acinyamata amene anamumva sanamuiwale. Nnamdi Azikiwe, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nigeria, anamumva ku Lagos. Hastings Kamuzu Banda, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Malawi, anamumva ku Johannesburg m'caka ca 1921. Onse awiri anapita kukaphunzira ku America m'caka ca 1925.

M'caka ca 1924 gulu laciwiri la Phelps-Stokes, Aggrey ali membala wake, linayendera maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Nyasaland. Mu Juni caka cimeneco gululo linafika ku Northern Rhodesia ndi kukumana ndi amishoni pa msonkhano wao ku Kafue. Linalangiza kuti boma litengepo mbali pa maphunziro a anthu akuda, kuti aphunzitsi aphunzitsidwe bwino, kuti atsikana asasiyidwe m'mbuyo, ndi kuti ana ayambe kuphunzira m'cinenero cao. M'caka ca 1925 boma linakhazikitsa nthambi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda pansi pa G. C. Latham. Patapita zaka zowerengeka sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Mazabuka kuti iphunzitse aphunzitsi oyendera masukulu a kumidzi, ndipo m'caka ca 1939 inasamukira ku Chalimbana. Njira ya Jeanes inacokera ku masukulu a anthu akuda a kumwera kwa America, kumene Aggrey anakhala. Motero mbiri ya makoleji a aphunzitsi m'Zambia ili ndi ulusi wofika kwa munthu ameneyu.

Muyenera kudziwanso mbali ina ya nkhaniyi. Si onse amene anakondwera ndi malangizo a Phelps-Stokes. W. E. B. Du Bois, mtsogoleri wa anthu akuda ku America, ndi ena ambiri anaona kuti maphunziro otsamira pa ulimi ndi nchito za manja anali okomera atsamunda, amene anali kufuna anchito omvera m'malo mwa madokotala, maloya ndi atsogoleri. Enanso anali kumdzudzula Aggrey kuti anali wofatsa mopitirira, ndi kuti kuseka cipongwe sikucotsa lamulo loipa. Omteteza amayankha kuti iye mwini anafuna-funa maphunziro apamwamba moyo wake wonse, ndipo anafunira ana a mu Africa maphunziro abwino koposa. Mtsutso umenewu ndi woyenera kuukambirana m'kalasi lanu la pa koleji.

Achimota ndi imfa yake

Bwanamkubwa wa Gold Coast, Gordon Guggisberg, anafuna kumanga sukulu yaikulu pa Achimota pafupi ndi Accra, yoyambira ana ang'ono mpaka a pa koleji. Mkulu wake anali Alexander Fraser, mmishoni wa ku Scotland amene anagwirapo nchito ku Ceylon. Aggrey anabvomera kukhala mmodzi wa omthandiza pa utsogoleri, ndipo anafika ku Gold Coast mu Okutobala 1924. Ubwenzi wa amuna awiriwa unali wolimba, ndipo Fraser anakana kuti mnzake apatulidwe kwa aphunzitsi Acizungu cifukwa ca khungu.

Anthu ambiri a m'dzikolo anali kuikaikira sukuluyi, poganiza kuti ndi msampha wa boma wopatsa ana ao maphunziro otsika. Aggrey anayenda m'mizinda ndi m'midzi, akulankhula ndi mafumu, abusa ndi makolo. Anali kumasulira maganizo a boma kwa anthu, ndi madandaulo a anthu kwa boma, monga momwe atate ake anali kucitira pa bwalo la Anomabu. Analimbikira kuti atsikana alowe pamodzi ndi anyamata, pofotokoza kuti maphunziro a mwamuna amathera mwa iye yekha pamene a mkazi amafalikira ku banja lonse. Pa Achimota ana ang'ono anali kuyamba ndi zinenero za dzikolo, ndipo nyimbo, ng'oma ndi mbiri ya makolo zinapatsidwa malo. Sukuluyi inatsegulidwa mwa mwambo pa 28 Januwale 1927, ndipo cizindikiro cake cinakhala makiyi akuda ndi oyera a piyano. Mmodzi wa acinyamata amene anali kuphunzira uphunzitsi ku Accra pa nthawiyo, namumva Aggrey ndi kumtenga monga citsanzo, anali Kwame Nkrumah.

Mu Meyi 1927 Aggrey anapita pa chuti ku America kuti akaone banja lake ndi kutsiriza buku la digiri yake yapamwamba pa Columbia University. Ali ku New York anadwala mwadzidzidzi matenda oumitsa khosi, namwalira m'cipatala ca ku Harlem pa 30 Julayi 1927, ali ndi zaka 51. Anaikidwa m'manda ku Salisbury. Mkazi wake anapitiriza nchito ya maphunziro m'dera lomwelo kwa zaka zambiri. Mwana wao wotsiriza, Orison Rudolph Aggrey, amene anali ndi caka cimodzi pamene atate ake anamwalira, anadzakhala kazembe wa America ku Senegal, Gambia ndi Romania. Buku la mbiri yake, Aggrey of Africa, linaturuka m'caka ca 1929, ndipo analilemba ndi Edwin W. Smith, mmishoni amene anakhala zaka zambiri pakati pa Aila kuno kwathu. M'caka ca 2017 dziko la Ghana linaika cithunzi cake pa ndalama ya pepala ya 5 cedi.

Zimene mbiri iyi ikuphunzitsani

Dziko lathu lili ndi mitundu yambiri, ndipo zinenero zisanu ndi ziwiri ndizo zinasankhidwa kuti zigwiritsidwe nchito m'masukulu ndi pa wailesi: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Sipafunika sitima ya pamadzi kuti munthu akhale mlendo. Mukafika pa sukulu yanu yoyamba mudzapeza moni wina, ndiwo zina, malamulo ena a pa maliro ndi pa ukwati, ndiponso njira ina yofikira kwa mfumu. Yambani ndi kupenya ndi kufunsa musanaweruze. Phunzirani moni wa eni dera m'sabata yoyamba, pakuti kholo limene mwalipatsa moni m'cinenero cake lidzakumverani mukadzalankhula za mwana wake. Musasankhe mabwenzi pakati pa aphunzitsi anzanu okha. Aggrey anaphunzira kulankhula zomveka kwa alimi a ku Sandy Ridge, ndipo inunso mudzaphunzira zambiri kwa nyakwawa, kwa azamba ndi kwa amai ogulitsa pa msika. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Kulemekeza mwambo wa eni sikutanthauza kutaya wanu, kapena kubvomera cipongwe. Makolo athu anadziwa kale njira zosandutsira adani kukhala abwenzi, monga cimbuya ca pakati pa Angoni ndi Abemba. M'kalasi lanu mudzakhalanso ana obwera, amene Cinyanja si cinenero ca kunyumba kwao. Mwana wotere akasekedwa cifukwa ca kachulidwe kake amatseka pakamwa, ndipo mwana wotseka pakamwa saphunzira kuwerenga. Mpatseni mpata wophunzitsa anzake liu limodzi kapena nthano imodzi ya kwao, pakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Kaphunzitsidwe ka mbiriyi

Mbiri iyi monga momwe yalembedwera pano ndi ya inu. Kwa ana a Giredi 6 ndi 7 muifupikitse kufika ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo muisimbe pakamwa musanawapatse kuti awerenge. Yambani ndi zimene ana adziwa kale: afunseni amene anasamukirapo ku dera lina kuti afotokoze cimene cinawadabwitsa. Onetsani Ghana, America ndi Zambia pa mapu. Lembani zaka zazikulu zinai pa bolodi, 1875, 1898, 1924 ndi 1927, kuti ana azisanje zocitika motsatana. Imeneyi ndi njira yabwino yophunzitsira aneni a nthawi yakale ndi mau olumikiza monga kenaka, pambuyo pake ndi potsiriza. Nkhani za kuphedwa kwa anthu ku Wilmington ndi ku Salisbury musazisimbe mwatsatane-tsatane kwa ana. N'kokwanira kunena kuti kunali malamulo ankhanza olekanitsa anthu. Nthano ya ciombankhanga ingathe kucitidwa sewero.

Zocita

1. Lembani mbiri ya Aggrey m'mau osapitirira 250, oyenera ana a Giredi 6, ndi mafunso asanu oyesa kumvetsa.

2. M'magulu, kambiranani ngati njira ya Aggrey yoyankhira cipongwe inali nzeru kapena kufooka. Gulu lililonse lipereke zifukwa zitatu.

3. Funsani wophunzira mnzanu wa mtundu wina za moni, maina a ana ndi mwambo wa pa maliro kwao. Lembani zofanana ndi zosiyana ndi za kwanu.

4. Konzani phunziro la mphindi 40 la kumvetsera ndi kulankhula lozikidwa pa nthano ya ciombankhanga, losonyeza zolinga, zipangizo, zocita za mphunzitsi ndi zocita za ana.